Masiku Awiri Asanakwane

Lachiwiri pa 12 Malichi, Mawaya anatsegula makina a gemu a mphunzitsi wina n'kuchotsamo timabolodi tamagetsi tiwiri: ka kutsogolo, komwe kamakhala ndi batani loyatsira, ndi kena kolumikiza makina ndi rimoti popanda waya. Anatiika m'makina omwe anali atapsa a mlamu wake, mwamuna wa mlongo wake.

Chikwangwani cha m'shopu mwake chinkati katundu wosatengedwa pakatha masiku 90 adzaphwasulidwa. Makina a mphunzitsiyo anali atakonzedwa kale, ndipo anali atakhala pashelefu masiku 88.

Mlamuyo anagwa pamakwerero mu Novembala, miyendo n'kufa. Kuyambira pamenepo ankangokhala pabedi.

"Achimwene, masiku awiri n'chiyani?" anatero mlongo wake wa Mawaya Lachiwirilo. "Chipsereni makinawa, bambowa angoyang'ana kudenga. Ngakhale ine sakundiyankha."

Lachinayi mphunzitsi uja anatulukira, chikwama chopanda kanthu m'manja.

"Lero ndi la 90, si choncho? Ananditumiza kusukulu yakutali, koma ndimawerenga masiku."

Anadina batani la makina ake. Linangolowa m'kati, phwii, osabwerera. Mawaya anaulula zonse ndi masiku ake omwe.

"Lamulo munalemba nokha, ndi penti yofiira," anatero mphunzitsi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo. Masiku awiri okha anakukanikani?"

"Ndiitanitsa tina, aphunzitsi. Makinawa ndi akale, timafika pakatha masabata asanu ndi limodzi."

"Ndinalonjeza ana anga. Loweruka 12 koloko masana ndiwapeze akuyaka. Apo ayi, tikakambirana kupolisi."

Lachisanu Mawaya anapita kwa mlongo wake, sikuludiraiva m'thumba. Ali pakhomo anamva phokoso la magalimoto a mpikisano. Mlamu wake anali atatsamira mapilo awiri, atameta ndevu, rimoti ili pachifuwa.

"Alamu! Khalani apa ndikukwapuleni. Miyendo ndilibe, koma zala zanga simungazithe."

"Inu kudzitama basi. Paukwati paja munalephera ngakhale kuvina."

"Ndiye pano ndili ndi chifukwa!"

Mlongo wake anaima pachitseko, maso ali pathumba la malaya la mchimwene wake. Mawaya anasewera maulendo atatu, n'kugonja onse, kenako anatsanzika.

Loweruka anatsegula shopu 8 koloko. Anapukuta makina a mphunzitsi n'kuwaika patebulo. Pofika 11:40 timabolodi tija tinali tikadali kwa mlamu wake, ndipo mphunzitsi anali asanafike.