Kasitomala wa Teni Koloko

"Chikwama ichi sichituluka m'nyumba muno," anatero Olive. Anachikoka pamkeka n'kuchiika pamiyendo pake, manja onse awiri pamwamba.

Linali tsiku lachinayi chiikireni mlongo wake Dingani m'manda, tsiku logawa katundu wa malemu. A Zacharia, malume awo, amene anawo ankawatchula kuti asibweni monga mwa kwawo, anali atagawa kale nsapato, malamba ndi malaya a kutchalitchi. Panatsala mulu wa matisheti a kampani umene aliyense ankangouyang'ana, ndi laputopu. Laputopuyo a Zacharia anali ataipereka kale mumtima mwawo kwa mwana wawo Winston wa ku koleji. Koma asanatchule dzina, pakhomo panafika mtsikana atamanga chitenje chatsopano pamwamba pa jinzi, chikadali ndi kapepala ka kusitolo m'mphepete.

Anati ndi Lucy, wachokera ku Lilongwe, ku kampani yoika intaneti m'maloji imene inalemba Dingani ntchito. Anagwada, anapepesa maliro bwinobwino. Kenaka anatulutsa kalata yonena kuti laputopu ndi ya kampani. Lolemba kuyamba munthu wina, ndiye ibwerere, aifufute zonse, amupatse. Apa m'pamene Olive anakoka chikwama cha laputopu chija.

"Aifufute," anabwereza Olive. "Ama, mwamva? Pa maliro anatumiza nkhata ya maluwa pa minibasi, kondakitala ndiye anadzatula. Pa laputopu atumiza munthu wamiyendo."

Mayi awo, a Bessie, anali atatsamira khoma chifukwa cha msana umene unawavuta zaka zitatu.

"Olive, mlendo sitimulankhula choncho," anatero a Zacharia, ngakhale nawonso nkhani ya kalatayo inawawawa pa zifukwa zawo. Anatembenukira kwa Lucy. "Mwana wanga, bwana wanu ndani? Timulembere."

"Ndi Patrick."

"A Patrick ndani?"

"Timangoti Patrick. Kuntchito kwathu sitinena kuti bwana. Amati tonse ndife banja limodzi."

A Zacharia anavula magalasi. Anaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu ndipo mphunzitsi wamkulu sanamutchulepo dzina loyamba ngakhale kutulo.

"Banja," anatero Olive. "Banja lomuimbira munthu Lamulungu m'mawa kuti thamanga ku Kande, azungu akulephera kuonera mpira. Akanakhala m'tchalitchi lole ija ikanamupeza? Zaka zitatu akukwera madenga a anthu. Anzake amene anayamba nawo onse ali ku Lilongwe m'maofesi ozizira, iye mwamusiya kuno akudya fumbi pa njinga yamoto. Foni yake inaphwanyikira pamsewu pomwepo. Zithunzi zake, mawu ake, zonse zatsala zili umu. Ndiye inu mukuti mufufute."

Olive ankagulitsa mankhwala mu famase ku Mzuzu ndipo kwawo ankabwera pa Khrisimasi ndi pa maliro. Ntchito ya mlongo wake sankaidziwa bwino, koma nkhanza ankazidziwa akaziona.

Lucy anapinda kalata ija kawiri, kenaka kachitatu.

"Za Lamulungu zija n'zoona," anatero. "Uthenga womutuma ntchitoyo ndinamutumizira ndine. Inali sabata yanga yolandira madandaulo."

Olive anali atakonzeka kulimbana ndi munthu wodziteteza, osati wovomera yekha.

"Ine Dingani sindinamuonepo maso ndi maso," anapitiriza Lucy. "Zaka ziwiri ndi theka timakumana pa kompyuta m'mawa uliwonse, hafu eyiti. Aliyense amaimirira, n'kunena zimene anachita dzulo, zimene achite lero, ndi chimene chikumulepheretsa. Ife timaimirira mu ofesi. Iye amati akuimirira pa chulu."

"Chulu icho," a Bessie analoza pawindo ndi chibwano. "Netiweki imagwira pamenepo pokha. Mvula ikabwera amaima ndi ambulera. Ine ndimathamangitsa nkhuku kuti zisasokose."

"Tambala uja sanamvere ngakhale tsiku limodzi, amayi. Patrick akangoyamba kulankhula, iye kokoliko. Tinamupatsa dzina loti Manejala. Ali kuti?"

"Anadyedwa pa maliro," anatero a Zacharia.

Lucy anaseka mwangozi, kenaka anagwira pakamwa, misozi n'kutuluka. A Bessie anamukankhira nsonga ya chitenje chawo.

Atapukuta m'maso, Lucy anayang'ana Olive. "Achemwali, laputopu ndiyenera kupita nayo. Ndikabwerera chimanjamanja atumiza kalata ya maloya, ndipo simungapambane. Koma andipatsa nambala yotsegulira kuti ndione ngati ikugwira ntchito. Sanandiuze kuti ndikukopereni zake za Dingani. Sanandiuzenso kuti ndisakukopereni. Muli ndi fulashi?"

Olive sanasiye chikwamacho msanga. Anatsegula zipi yekha, anaika laputopu pa mpando wa ndalema, ndipo chaja anachigwirabe m'manja ngati chikole. Pa chivundikiro panali zomata za kampani zonena kuti thamanga, lota zazikulu, ndi zina zotero m'Chingerezi. Pakona panali posweka, pomata ndi tepi yakuda ya magetsi.

Zithunzi zinalipo zoposa mazana asanu ndi atatu. Olive anasendera pafupi. Rauta, kabokosi kogawa intaneti. Rauta ina. Kunsi kwa rauta, pooneka manambala. Mawaya odyedwa ndi makoswe pa denga la loji ina. Chala chachikulu cha Dingani chitagwira waya wabuluu. Anatsika mpaka pansi, nkhope yake osaipeza paliponse. Panali chithunzi chimodzi chokha chosakhudza ntchito: tambala ali pa chishalo cha njinga yamoto.

"Ndi zimenezi basi?" anafunsa Olive. "Moyo wonse wa munthu, mawaya?"

"Dikirani. Mamiting'i ena timajambula."

Lucy anatsegula ya mwezi wa June. Pa sikirini panaoneka timabokosi ta nkhope za anyamata ndi atsikana atanyamula makapu a khofi. Bokosi la Dingani linali lakuda, dzina lokha, chifukwa kamera inkamudyera bandulo. Kenaka mawu anatuluka, omveka ngati ali pakhonde.

"Dzulo ndinasintha rauta ku Kande, makoswe a kumeneko ali pa kontirakiti. Lero masana ndili ku Chintheche. Chondilepheretsa palibe, kupatula Manejala. Teni koloko ndili ndi kasitomala wanga wa ku Bandawe, chonde musandiikire miting'i."

Wina m'bokosi lina anati, "Kasitomala ameneyo asayina liti, Dingani?"

"Ndi wovuta, Patrick. Koma sindingamutaye."

A Bessie anali atatseka maso. Milomo yawo inkayenda pang'ono, ngati akutsatira nyimbo ya m'buku. A Zacharia anapukuta magalasi amene anali oyera kale.

"Bwezaninso," anatero Olive, ndipo Lucy anabweza. Kachitatu sanapemphe. Analowetsa fulashi yake ya kuntchito, ndipo Lucy anakoperamo mamiting'i onse amene analipo.

"Pali chinthu china chimene Patrick wandituma," anatero Lucy zikukopedwa. "Kasitomala wa ku Bandaweyu. M'kaundula wathu mulibe nambala yake, ngakhale dzina. Munthu watsopanoyo akuyenera kumudziwa. Kapena ndi kusukulu ya mishoni? Kapena pali loji yatsopano? Tsiku lililonse Dingani amatseka kalendala yake kuyambira teni mpaka hafu teni, ndipo kwathu munthu akatseka kalendala chifukwa cha kasitomala, ngakhale Patrick samukhudza."

"Kuno ku Bandawe kulibe loji," anatero a Zacharia. "Ndipo kumishoni ndine mkulu wa mpingo, ndikanadziwa."

Nthawi yomweyo laputopu inalira, kabelu kakang'ono kawiri. Pakona ya sikirini panatuluka kabokosi: Kasitomala, Bandawe, 10:00.

A Bessie anatsegula maso, anagwira khoma, n'kuyamba kudzuka.

"Ama, mukupita kuti?"

"Teni yakwana. Chinangwa chagona m'madzi masiku asanu ndi awiri tsopano, chiola." Anaima pakati, dzanja lili pamsana, atakumbukira. Anayang'ana laputopu, kenaka Lucy. "Kabelu kameneka kakalira Dingani amavula mahedifoni, amati Ama tiyeni. Timapita kudambo, iye amavuula chinangwa, amasenza beseni mpaka pa thandala. Ine changa n'kuyanika basi. Kulibe chinangwa, amatunga madzi kapena kuwaza nkhuni. Chigwereni ine pa mjigo paja sindinanyamulepo kanthu kolemera."

Anakhalanso pansi pang'onopang'ono.

"Mwana wanga, ukafika ukawathokoze a Patrick akowo. Olive akulankhula ndi mtima wopweteka, koma ine ndikudziwa kuti kampani yanu ili ndi umunthu. Dingani anandiuza za lamulo lanu lija."

"Lamulo liti, amayi?"

"Loti teni koloko ndi nthawi ya makolo. Aliyense asiye ntchito akathandize mayi ake. Poyamba ndinkamukaniza, ndinkati akuchotsa ntchito iwe. Iye anati Ama, ndikapanda kupita ndiye andidula malipiro, amaona pa kompyuta. Ndinati dziko lasinthadi. Nanga iwe mayi ako ali ku Lilongwe komweko? Umafika bwanji pa mphindi makumi atatu?"

Lucy anayang'ana Olive. Olive anali akuyang'ana kabokosi kaja.

"Amakhala pafupi, amayi," anatero Lucy pomaliza. "Uthengawo ndikafikitsa."

Olive anadzuka, anaika chaja pampando, n'kutenga beseni lalikulu limene linali kuseri kwa chitseko. "Ama, khalani. Lucy, tiye undithandize kusenza."

Njira ya kudambo inadutsa m'munda wa chinangwa. Pakati pake panali mzere wopondeka bwino, wa mapazi a munthu mmodzi woyenda tsiku ndi tsiku. Olive anadikira mpaka nyumba itabisika.

"Lamulo limenelo kulibe," anatero Olive. Silinali funso.

"Kulibe. Ife ngakhale nkhomaliro timadyera pa kiyibodi."

"Ndiye anakunamizani zaka zitatu."

"Anatinamiza. Miyezi itatu iliyonse Patrick amamulembera kuti akutaya nthawi pa kasitomala wosasayina, ndipo bonasi imamudutsa." Lucy anaponda pa thope, nsapato yake yoyera n'kumira. "Za ku Lilongwe zija, achemwali, sitinamusiye. Anamuitana kawiri. Kachiwiri anamulonjeza kuti akhala mkulu wa timu, ndi nyumba yomwe. Anayankha pa imelo mzere umodzi, kuti kasitomala wa ku Bandawe sangagwire ntchito ndi munthu wina."

Olive anaima. Anakumbukira Khrisimasi yapitayo, atakhala pakhonde, akumunyoza mlongo wake kuti ndi wofatsa mopusa, anthu akumuponda iye akuseka. Anamuuza kuti akanakhala iye akanapita ku Lilongwe kukagubuduza matebulo. Dingani anangoti, "Iwe gubuduza a ku Mzuzu, ine ndili bwino," n'kumuthirira tiyi wina. Tsiku limenelo Olive sanafunse kuti ufa wa kondowole umene ankapakira m'chikwama chake chopita nacho ku tauni unkafika bwanji pa thandala.

"Komabe Lamulungu simukanamuimbira," anatero.

"Sitikanamuimbira."

"Ukamuuze Patrick wakoyo zimenezo. Usakamuuze mwaulemu."

"Ndikamuuza pa miting'i ya hafu eyiti, onse ali chiimire. Pa funso la chimene chikundilepheretsa."

Chinangwa chinali m'dzenje lotchingidwa ndi masamba a kanjedza, chitafewa, fungo lake lowawasa likubaya m'mphuno. Lucy anabwerera m'mbuyo pang'ono, kenaka anapinda manja a bulauzi. Anavuula awiriwo mpaka beseni linadzaza. Pomutwika Olive, khosi linagwedera. Sanayembekezere kuti n'cholemera choncho. Madzi oyera anamutsikira m'makutu ndi kumsana njira yonse.

Atafika anapeza a Bessie ataima kale pa thandala, ndipo a Zacharia atavala imodzi mwa matisheti a kampani pamwamba pa malaya awo, ikuwathina pamimba. Za Winston sanazitchulenso.

Olive anasamba m'manja, analowa m'nyumba, n'kukhala patsogolo pa laputopu. Kabokosi kaja kanali kakadali pakona.

"Kabelu aka kamasiya liti?"

Lucy anatsegula kalendala n'kumuonetsa. Kubwereza: tsiku lililonse. Tsiku lothera: palibe.

Olive anatulutsa foni yake, anatchera teni koloko, n'kulemba mawu omwewo, Kasitomala, Bandawe. Foni inamufunsa tsiku lothera. Anadumpha funsolo. Za ku Mzuzu anati aziona Lolemba.

Anazula fulashi, anatseka laputopu, anakulunga chaja mmene ankakulungira mwini wake, n'kupereka chikwama kwa Lucy ndi manja awiri.

Panja a Bessie ankayanika chinangwa, akuchiphwanya ndi zala. Mbali ya kumanja kwa thandala, kumene kunali kokwera kwambiri moti iwo sakanafikira, anaisiya yopanda kanthu monga ankamusiyira Dingani masiku onse. Olive anazungulira n'kukaima kumeneko.