Filimu Yopanda Mpeni

Lachisanu masana, pa koleji ina ku Bradford, Mayi Thackray anali ataonera kale mafilimu khumi ndi atatu. Ophunzira awo, awiriawiri, anauzidwa kujambula mphindi ziwiri zoyambirira za filimu yoopsa, kenako kufotokoza miyambo ya mafilimu otere imene atsatira. Onse anachita zofanana: mtsikana yekha m'nkhalango, munthu wovala chigoba kumaso, mpeni, magazi a sosi wa tomato. Maso a Mayi Thackray ankawawa, khofi wawo atazizira kalekale.

Otsiriza anali Imogen ndi mnzake Tariq. Yawo inayambira m'khitchini, kunja kukuwala. Bambo wina wokalamba anaika makapu awiri patebulo, kuthira tiyi monsemo, n'kukhala pansi akuyang'ana chitseko. Nyimbo munalibe. Patapita kanthawi anamwetulira nati, "Wafika." Chitseko sichinatseguke, ndipo filimu inathera pomwepo.

Mayi Thackray tsitsi linawachita nyaunyau, koyamba chaka chonsecho.

"Chabwino," anatero. "Mwatsatira miyambo iti?"

"Kunena zoona aphunzitsi, chigoba ndi mpeni tinali nazo," Tariq anayankha. "Koma Declan, amene amayenera kukhala chigawenga, anagonereza. Chigawenga chanji chodzuka twelofu koloko?"

Ena anaseka, koma Imogen sanaseke nawo.

"Bambo a m'filimuwo ndi agogo anga," iye anatero. "Tikudikira Declan ndinangoyatsa kamera. Amachita zimenezi tsiku lililonse. Akazi awo anamwalira chaka chatha, koma amaiwala."

Mayi Thackray anavula magalasi n'kutikita maso. Pepala loperekera malikisi linkafunsa za mdima, nyimbo ndi kaonekedwe ka chigawenga. Zimene anaonazi zinalibe malo papepalapo.

"Mukhoza kulemba kuti miyambo munaiphwanya dala," anatero.

"Koma limenelo ndi bodza, aphunzitsi," anatero Imogen.

"Inde, ndi bodza." Mayi Thackray anavalanso magalasi. "Imogen, agogo akowo akudziwa kuti ali m'filimu?"

Mtsikanayo anawerama. "Ndinawauza katatu. Nthawi zonse amavomera."

"Ukawaonetse amayi ako. Akakana, sinditumiza kwa oyesa mayeso."

Lolemba Imogen anafika m'mawa ena asanabwere. Anati amayi ake anaonera filimuyo ali chilili, kenako anamupempha kuti isatulukenso m'nyumba. Sanamukalipire. Anangofuna kuti awasungire pa foni yawo.

"Ndiye ntchito yonse ija yapita m'madzi?" anafunsa Tariq atamva.

"Yapita," anayankha Mayi Thackray. "Ndikupatsani masabata awiri oti mujambule ina."

Anatenga fomu yopempha nthawi yoonjezera. Pamalo polembapo chifukwa anasinkhasinkha nthawi yaitali, n'kulemba kuti nkhani za m'banja. Belu linalira, ndipo kalasi ina inali itafola kale pakhomo.