Kabokosi ka Chilolezo

Lachitatu m'mawa, patangotha maola awiri chitsegulireni tsamba la pa intaneti limene bungwe la amayi odwala khansa linaliyembekezera chaka chathunthu, alembi a bungwelo, bambo wachikulire amene anasunga maumboni a amayiwo kwa zaka khumi ndi zinayi, anadzambatuka pampando, magalasi ali m'manja, naitana mpongozi wawo ndi mawu osakhala awo.

Mpongoziyo, mkazi wa mwana wawo wachisamba, ndiye anakonza tsambalo. Maumboni onse anali m'nkhokwe ya kompyuta, uliwonse ndi timabokosi take: zaka za mwini wake, mtundu wa matenda, ndi komaliza, ka chilolezo choonetsa umboniwo kwa anthu. Iye analamula makinawo kuti posefa m'nkhokwemo azionetsa umboni uliwonse, kupatula umene m'kabokosi kake munalembedwa "ayi".

"Mayi, awa afika bwanji apa?" anafunsa alembi, akuloza pagalasi la kompyuta.

Panali chithunzi cha mayi wina wosoka zovala, ndi mawu ake onse pansi pake. Mayiyu sanauzepo ana ake za matendawa. Miyezi imene anagona m'chipatala anawauza kuti akudwazika mchemwali wake, ndipo mu umboniwo anaulula kuti matenda abwereranso, koma akudikira kuti mwana wake wamkazi amalize kaye mayeso.

"Sefa yawalola, bambo. Pa dzina lawo palibe 'ayi'."

"Ine sindinalembepo 'ayi' pa dzina la munthu chibadwire! Munthu wakuuza zakukhosi misozi ili chuchuchu, iwe n'kumudinda 'ayi' ngati katundu wowonongeka? Wovomera ndinkalemba 'inde'. Wokana ndinkasiya poyera."

Mpongozi anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anafunsa nkhokweyo kuti timabokosi topanda kanthu tilipo tingati. Yankho linabwera nthawi yomweyo: makumi anayi ndi awiri.

"Mayo ine! Bwanji simunandiuze, bambo?"

"Nanga inu munandifunsa? Chaka chonsechi mwakhala mukundifunsa ngati zilembo zikhale zobiriwira kapena zakuda!"

Mpongozi anasintha mzere umodzi wokha, kuti makinawo azionetsa amene pali "inde" basi, ndipo mphindi isanathe nkhope makumi anayi ndi ziwiri zinachoka patsambalo. Kenaka anayang'ana kuti umboni wa mayi wosoka uja watsegulidwa kangati. Kasanu ndi kanayi. Onse awiri anakumbukira, popanda wonena, kuti m'mawa womwewo bungwe linatumiza uthenga kwa mamembala ndi abale awo, kuwapempha kuti akaone tsambalo.

Foni ya pa ofesi inalira. Alembi anaiyang'ana mpaka inalira kachinayi, ndipo anainyamula ndi manja awiri.

"Alembi," anatero mayi wosoka uja, mawu ali pansipansi, "mwana wanga wabwera kuno ku shopu, wasiya kalasi. Waima pakhomo, foni ili m'manja, sakulankhula. Paja munalonjeza kuti mawu anga adzakhala m'kabati mwanu. Tsono ndimuuze chiyani?"

Alembi anachotsa foniyo kukhutu. Anaipereka kwa mpongozi, ndipo mpongozi anapeza kuti yadulidwa kale.

Masana a tsiku lomwelo mayiyo anachotsa dzina lake m'bungwe, ndipo tsambalo linatsekedwa kwa miyezi iwiri, kufikira alembi atayendera amayi ena makumi anayi ndi mmodzi aja, khomo ndi khomo, kuwauza zimene zinachitika.