Namondwe Atakhala Bata

Pasukulu yathu ya anamwino aphunzitsi tilipo asanu ndi awiri. Wamkulu wathu ndi amayi ena amene pamaso timawatcha a Metroni, koma kumbali timati Namondwe. Ine ndine wachiwiri wawo. Ndagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, moti ndimamva ndi nsapato zawo zomwe. Zikamalira mofulumira m'khonde ndiye kuti wina walakwa, zikamabwera pang'onopang'ono ndiye kuti wolakwayo amudziwa kale.

Chaka chatha a Metroni anayamba maphunziro a udokotala kuyunivesite. Si udokotala wa jakisoni ayi, koma wa m'mabuku, wa kaphunzitsidwe ka zaumoyo ndi utsogoleri. Ankapita kukalasi Loweruka lililonse, ndipo Lolemba ankabwera ndi mabuku onenepa ngati njerwa komanso mawu atsopano otikalipira nawo. Zimenezo tinazizolowera.

Zachilendo zinayamba Lolemba lina pamsonkhano wa m'mawa. Mnzathu wophunzitsa za uzamba, amene timangomuti Mzamba, anafika mochedwa ndi mphindi khumi, kapu ya tiyi ili m'manja. Tonse tinawerama kudikira mphezi. Koma a Metroni anamulandira, anamuonetsa mpando, n'kumufunsa ngati wayenda bwino. Mzamba anakhala m'mphepete mwa mpandowo ngati pali mazira.

Kenaka inabwera nkhani ya ndandanda ya ophunzira kuwodi. Masiku onse a Metroni ankailemba okha n'kuimata pabolodi, ife n'kukaiona ngati zotsatira za mayeso. Tsikulo anaika pepala patebulo, foni yawo pambali pake, anapinda manja n'kunena mofatsa kuti, "Inu mukuona bwanji?"

Atatero anatseka pakamwa. Milomo yokha ndi imene inkagwedera pang'ono, ngati munthu wopemphera chamumtima. M'chipindamo munangoti zii, kunkangomveka fani ya kudenga ija imene imalira ngati ili ndi chifuwa. Patapita kanthawi, bambo wophunzitsa za mankhwala anatsokomola n'kunena kuti ndandandayo ndi yabwino kwambiri, ndipo iye sakuona chosintha. Tonse tinavomereza. Papepalapo panalibe cholembedwa chilichonse.

Zinapitirira choncho sabata yonse. Kuchipinda chomwera tiyi aliyense anabwera ndi yake. Mzamba anati ndi shuga. Wa za mankhwala anati ena a ife achotsedwa ntchito, ndipo nkhuku yoti iphedwa amayamba kaye aiwazira chakudya. Wina anati alowa mpingo watsopano. Ine ndinkaganiza za sitiroko, kaja kakang'ono kamene kamadutsa m'mutu osagwetsa munthu, koma n'kumusintha khalidwe. Ndinayamba kuwayang'anitsitsa pakamwa kuti ndione ngati papotoka.

Lachiwiri la sabata yachiwiri ndinaimbira amuna awo. Bambowa anapuma ntchito ya kupositi, ndipo ndi munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Anakana kulankhula pafoni. Anabwera okha masana, anaimika galimoto kuseri kwa nyumba yochapiramo zovala, n'kundikodola ndi dzanja. Anandiuza kuti kunyumba nakonso zinthu zasokonekera. Mayi anawafunsa maganizo awo pa makatani a pabalaza. Anawafunsanso chimene akufuna kudya. Lamlungu anawasiya kuti asankhe okha malaya, chinthu chimene sichinachitikepo m'zaka makumi atatu za banja, ndipo anaima patsogolo pa kabati mpaka nthawi yopita kutchalitchi inadutsa. Kenaka anandigwira mkono, maso ali ndi misozi.

"Sisita, inu mumagwira ntchito kuchipatala. Ndiuzeni zoona. Kodi ndikudwala ndine? Madokotala amuuza chiyani mkazi wanga?"

Ndinawatsimikizira kuti iwo ali bwinobwino, koma sanakhulupirire. Anapita akudzigwira pachifuwa.

Apa ndinaona kuti tiyenera kuwayeza amayiwa, koma munthu sungapite kwa Namondwe ndi makina n'kunena kuti tambasulani mkono. Ndiye tinapangana nzeru. Lachinayi ophunzira a chaka choyamba anali ndi phunziro la kuyeza kuthamanga kwa magazi m'chipinda choyeserera, mmene muli mabedi anayi ndi zidole zazikulu ngati anthu. Ndinapita kuofesi kwawo n'kunena kuti ana atopa ndi mikono ya zidole, bwanji ayesere pa munthu weniweni, makamaka wamkulu wa sukulu. Ndinayembekeza kuthamangitsidwa. Iwo anagwedeza milomo kwa kanthawi n'kundithokoza chifukwa cha ganizo langa. Ndinatuluka n'kukauza anzanga kuti avomera.

Tsikulo aphunzitsi tonse tinapezeka m'chipindamo, aliyense ndi chifukwa chake chabodza. A Metroni anakhala pampando pakati, ophunzira makumi awiri ataima mozungulira ngati pamaliro. Ndinayamba ndine, kuti ndionetse chitsanzo. Ndinawapempha kuti amwetulire, anamwetulira, ndipo ana ena anabwerera m'mbuyo chifukwa anali asanaonepo mano awo. Pakamwa panali powongoka. Ndinawapempha kukweza manja onse awiri, anakweza bwinobwino. Mzamba anawabaya chala, shuga anali m'malo mwake. Koma nditayeza magazi, makina anaonetsa manambala oti tikawaona pa wodwala timamugoneka pomwepo. Ndinamuonetsa Mzamba ndi diso, iye n'kugwira pakamwa.

Kenaka inafika nthawi ya ophunzira. Mtsikana woyamba anatenga makina. Anakulunga lamba wa makinawo pamwamba pa jekete, chozondoka, paipi italoza kuphewa. A Metroni anayang'ana lambayo, milomo inayamba kugwedera. Anatembenuza maso kuti asaone, koma maso anakagwera pa bedi limene nsalu yake inkalendewera pakona ngati khutu la galu. Anathawitsanso maso, n'kukapeza mnyamata wina atatsamira chidole, chigongono chili pankhope pake. Ndinali pafupi, ndipo ndi pamene ndinamva kuti sankapemphera. Ankawerenga. Anafika pa zisanu ndi zitatu.

Zimene zinatsatira anazimva ndi a kukhitchini omwe. A Metroni anayamba kukalipira za lamba, anapita ku bedi, anafika pa chigongono. Anamufunsa mnyamatayo ngati angatsamire choncho nkhope ya mayi ake. Anatembenukira kwa ife aphunzitsi n'kufunsa kuti makalasi athu tawasiyira ndani. Anakumbukanso za Mzamba ndi kapu yake ya Lolemba lija. Zinatenga mphindi khumi ndi zisanu, ndipo kunena zoona tonse tinapuma. Wa za mankhwala ankamwetulira ngati waona mvula yoyamba. Atatha, a Metroni anavula jekete, anamangirira okha lambayo moyenera, n'kuuza mtsikana uja kuti ayezenso. Manambala anatsika ngati a namwali.

Masana anandiitanira kuofesi ndipo anatseka chitseko. Anatulutsa kope n'kundionetsa. Inali ntchito ya kusukulu. A Pulofesa awo anawauza kuti kwa masabata awiri asalamule munthu, azifunsa maganizo, ndipo akafunsa aziwerenga mpaka khumi asanalankhulenso. Anayeneranso kujambula mawu a misonkhano pafoni n'kutumiza, kuti amveke anthu awo akupereka nzeru. Anatumiza misonkhano inayi. A Pulofesa anayankha kuti foniyo mwina ndi yowonongeka, chifukwa mukungomveka fani ndi munthu mmodzi wotsokomola. Tsiku lomaliza kupereka lipoti linali Lolemba.

Ndinayamba kuseka, koma ndinaona kuti iwo sakuseka. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Zaka zonsezi, Sisita, anthu asanu ndi mmodzi ophunzira bwino, palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi ganizo?"

"Maganizo tili nawo, a Metroni. Timakawanenera ku tiyi."

Anandiyang'ana. Ndinaganiza kuti ntchito yanga yathera pomwepo. Koma anangoti mawa lake msonkhano ukachitikire ku tiyi komweko.

Lachisanu anabwera ndi foni yawo ndi kapu yawo, n'kukhala pampando wothyoka msana umene tonse timaupewa. Poyamba panali chete yemwe uja. Ndinaona kuti ndikapanda kuyamba ndine, amayiwa alephera mayeso. Ndiye ndinanena kuti ndandanda yathu imatumiza ophunzira kuwodi ya ana ndi ya amayi tsiku limodzi, pamene wowayang'anira ndi mmodzi, moti theka la iwo limangoima m'makonde. Mzamba anawonjezera kuti amachedwa Lolemba chifukwa amayamba wadutsa kuwodi kukaona ophunzira amene ndandanda yomweyo imawasiya okha. Kuchokera apo mtsinje unasefukira. Wa za mankhwala, amene ndinkamuyesa wongovomereza zilizonse, anatulutsa kapepala m'thumba kamene anati wakhala akukasunga zaka zinayi. Ananena kuti ophunzira amaopa kufunsa mafunso, ndipo amakafunsa oyeretsa m'wodi. Ananenanso za fani.

A Metroni anayesetsa. Analuma cholembera mpaka chinasweka. Anatidula mawu kasanu ndi kawiri, ndipo kawiri anaimirira n'kukhalanso pansi. Koma msonkhano wa theka la ola unatha maola awiri, ndipo ndandanda inatuluka yolembedwa ndi manja anayi osiyana. Madzulo ake ndinaimbira amuna awo kuwauza kuti sakufa, ndi homuweki chabe. Anangofunsa kuti itha liti.

Lolemba m'mawa, asanatumize lipoti lawo, anandipatsa kuti ndiliwerenge ngati muli zolakwika. Linali la masamba khumi ndi awiri. Maina athu munalibe, aliyense anali ndi nambala. Za iwo eni analemba mosabisa, kuti anapeza kuti chete wa anthu awo sanali ulemu wokha. Ine ndinadzizindikira pa tsamba lachisanu: wotenga mbali wachiwiri, mayi wodziwa ntchito, wokhulupirika, koma wamantha.

Ndinabwerera kuofesi kwawo pepala lili m'manja, n'kuloza mawuwo ndi chala. Ndinati liwu lomalizalo lichoke. Anandifunsa ngati ndikuwauza kapena ndikuwapempha. Ndinati ndikuwauza. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anakokera kompyuta pafupi, n'kufufuta liwulo. Pamalo pake analemba kuti wamakani, ndipo anatumiza lipotilo ndisanatsegule pakamwa.