Jekeseni Apita kwa Achimwene

Namwino anafika pa shedi ya achimwene ake nthawi ya nkhomaliro, yunifolomu ikadali m'thupi, dzanja lili pa zipi ya chikwama ngati munthu wodutsa pakati pa opisa m'matumba. M'chikwamamo munali kamakina kakalekale kosewerera gemu, mabatani ake ofufutika, ndi chingwe chake. M'kamakinamo munali Jekeseni.

Jekeseni chinali chilombo cha m'gemu ija yogwira zilombo n'kumaziweta. Chinali chofiirira, cha minga kumsana, nyanga imodzi pamphumi. Nyangayo ikangomukanda mdani, poizoni amamudya pang'onopang'ono mpaka kugwa. Namwino anachigwira chili kamwana, nthawi imene ankadwazika mayi awo. Mayiwo akapezako bwino ankasuzumira pagalasi n'kumuseka.

"Anzako akuweta nkhuku, iwe ukuweta chinyanga. Chakula?"

Ankawayankha kuti chatsala pang'ono. Mayi anatsikira kulichete chisanakule.

Vuto linali lamulo la gemuyo. Chilombo cha mtundu umenewu sichifika pachimake m'manja mwa mwini wake. Uchidyetse, uchimenyanitse mpaka zala zituluke matuza, chimangokhala chomwecho. Chimasinthika pokhapokha uchitumize pa chingwe kwa munthu wina, iyeyo n'kukubwezera. Amene anapanga lamulo limeneli ayenera kuti analibe achibale.

Bambo awo anagula timakina tiwiri tofanana, ndipo kachiwiriko kanali kwa achimwene akewo, owotcherera mageti, amene msewu wonse unkawatchula kuti a Ndibwerekeko. Dzinali sanalitole pansi. Njinga ya namwino inapita choncho, wailesi inapitanso choncho. Makina osokera a mayi anatuluka m'nyumba misozi isanaume, ati kukangokonzetsa, ndipo kuyambira pamenepo awiriwa ankangopatsana moni wa pamsewu.

"Mlongo wanga, wasochera?" anatero achimwene, akupukuta manja pa ovolosi. "Kapena kuchipatala kwathyoka geti?"

"Kamakina kanu kaja kakadalipo?"

Anamuyang'ana, kenako anaseka. Anatsegula dirowa yodzaza mabawuti, n'kukavuula pansi pa sipanala. Mabatire anachotsa mutochi. Kanayaka, ngakhale chapansipansi namwino ankafuna kakane kuti abwerere kwawo ndi chifukwa.

"Ndikutumizirani chilombo changa, chisinthike, mundibwezere pompano," anatero. "Osati mawa, achimwene. Pompano."

"Ukundiwerengera malamulo ngati wodwala wa shuga. Khala pansi."

Anakhala pa benchi yachitsulo, mawondo atayang'anizana, chingwe chili pakati. Gemuyo imafuna kuti aliyense aperekepo chake, choncho achimwene anasankha kambewa kopanda ntchito kamene anagwira ali mwana. Namwino anaika chala pabatani. Anadina.

Jekeseni anasanduka kampira kowala, n'kulowa mu paipi yojambulidwa pagalasi. Anapita. Pamalo pake panabwera kambewa, kakutukula mano.

"Ee, taona izi," anatero achimwene motsitsa mawu.

Namwino anachita kusuzumira paphewa pawo kuti aone chiweto chake chomwe. Chinkaphethiraphethira, chikutupa. Chinaimirira ndi miyendo iwiri, chifuwa chili nganganga, mchira wonenepa, nyanga yatalika ndipo kunsonga kwake kukudontha poizoni. Chinali chokongola moopsa. Namwino anafuna kulira, chifukwa mayi amene ankafunsa aja kunalibenso kuti akawauze.

Anabwerera pamalo pake msanga, anasankha kambewa kaja, navomera. Kunangotsala chala cha achimwene.

Chalacho sichinasunthe.

"Nyanga imeneyi," anatero achimwene, maso ali pagalasi. "Pali chimdani china kumapeto kwa gemuyi chinandikanika kalekale. Ndi ichi ndikhoza kuchigwetsa kamodzi. Undibwerekeko mpaka Loweruka."

"Achimwene."

"Loweruka lomweli. Ndidzabwera nacho ndekha kwanu, mwina ungandiphikire ndi tiyi."

"Bwezani."

"Iwe, ukundiyang'ana chonchi bwanji? Ndine wakuba ine?"

Panja galimoto inaliza hutala. Mawu amene namwino anawasunga nthawi yonseyi anatuluka okha.

"Makina a mayi ali kuti?"

Kumwetulira kunachoka pankhope ya achimwene. Kenako anatembenuka pa benchipo, n'kumupatsa msana, kamakina atakabisa pachifuwa. Chingwe chinakokeka mpaka kuuma.

Namwino ankangoona chigongono chikugwedera. Akudina chiyani? Ankawadziwa bwino achimwene akewa: asunga gemu, azimitsa, aponya m'dirowa, kenako ayamba nthabwala mpaka iwe wemwe uoneke wovuta. Njinga inapita ndi nthabwala. Ayi, lero ayi.

"Achimwene, ndionetseni."

Chigongono chinagwederanso.

Namwino anadumpha, anapisa dzanja pansi pa mkono wawo n'kutsomphola kamakinako ndi mphamvu zonse. Chingwe chinazuka kuti thu, n'kumukwapula pa tsaya.

Anayang'ana pagalasi, akupuma mwabefu. Panali paipi ija. Pakati penipeni pa paipiyo panali kampira kowala, kataima, kakuloza kwa iye. Kanaphethira kawiri, galasi linayera, ndipo panabwera mawu akuti kulumikizana kwaduka.

Anatola kamakina kake kamene kanagwera pa simenti, anazimitsa tonse tiwiri, nayatsanso. M'ka achimwene kambewa kanali katabwerera, kakutukula mano. M'kake munali mpata. Anafufuza m'mabokosi osungira zilombo, limodzi ndi limodzi, kubwerera, kuyambiranso. Analumikizanso chingwe, akuuzira pabowo ngati kuti fumbi ndi limene lalakwa. Jekeseni sanali uku, sanali uko.

"Mumabweza," anatero. Silinali funso.

Achimwene anali asanatembenukebe. Anapukuta mphuno ndi mkono wa ovolosi, ndipo atalankhula mawu awo anali osasa.

"Makina aja ndinagulitsa, sindikana. Koma ichi ndimakubwezera."

"Nanga mumabisiranji?"

"Sindimabisa gemu, mlongo wanga. Sindimafuna undione nkhope."