Mwana Wobadwira M'sitima

Kalaliki anatsekula buku lachitatu, nanyambita chala, n'kuyambanso kutsata mayina. Samundari ankangoyang'ana pawindo, pomwe mtsinje wa Suriname unkayenda mwaulesi, wofiirira ngati tiyi wamkaka. Sitima yapamadzi yobwerera ku Kalikata, doko la kwawo kwa bambo ake, inali itaima pamenepo. Bambo ake, a Ramautar, anali atadula nzimbe za Adatchi zaka makumi awiri ndi zisanu, koma papepala anali akadali munthu wa mfumu ya Angelezi, ndipo malo awo m'sitimamo analipo.

Vuto linali mwana wawoyu, Samundari. Anabadwira m'sitima yobwera, kutatsala masiku anayi kuti afike kuno ku doko la Paramaribo. Pamwambo wa kwawo khanda silitchulidwa dzina kapena kuonetsedwa kwa alendo lisanakwane masiku asanu ndi limodzi, ndiye azimayi analibisa m'nsalu, dokotala wolemba mayina n'kudutsa. Tsiku lomutchula dzinalo linawapeza ali kale kumunda wa nzimbe, wolemba wa kumeneko n'kukana kuti ameneyu sanabadwire kuno. Amayi ake anafika pomwalira osadziwa kuti mwambo unamana mwana wawo dziko. Zomvetsa chisoni zedi.

"Angelezi sakukudziwani, Adatchi sakukudziwani," anatero kalalikiyo potseka buku. "Kafunseni nsomba, mayi."

"Zikanakhala ndi chidindo ndikanapita kalekale, bwana."

Anatuluka ndi bambo ake, nakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa doko. Samundari anatsinzina. Mudzi wa bambo ake ankaudziwa ngati anakulirako: chitsime cha masitepe asanu ndi awiri, njati zogona m'thope, utsi wa ndowe zouma ukukwera m'mawa. Anaumva kuyambira ali wakhanda, mpaka ankaulota, kuyendamo osasochera. Lero anayesa kulowamo, koma njira inangosanduka madzi.

A Ramautar anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anati sapita. Anati nkhalamba kulikonse imafa. Koma mwana wawo ankadziwa chimene chinkawasowetsa mtendere: kuno boma sililola kutentha maliro, munthu amangokwiriridwa m'dothi lonyowa, ndipo iwo ankafuna moto, phulusa lawo likamwazidwe mu Ganga, mtsinje wopatulika wa kwawo.

"Madzi saiwala khwawa, Bambo. Pitani."

"Nanga iwe khwawa lako ndi liti, mwana wanga?"

Samundari anaseka, ngakhale mtima unkamupweteka. Anawanamiza kuti iye sanafunepo n'komwe kupita, kuti mpunga wake watsala pang'ono kucha, ndipo ndani angasiyire mbalame mpunga wotere? Nkhalambayo inamuyang'ana, inadziwa kuti ndi bodza, koma inalilandira.

Lachinayi anawasenzera mtolo mpaka pathabwa lokwerera. Mlonda anatambasula dzanja kufuna pepala, ndipo Samundari anatula mtolowo pansi, nagwira mapazi a bambo ake. Iwo anakwera pang'onopang'ono. Atafika pamwamba anatembenuka kuti amuitane, koma chifuwa chinawagwira, sitima n'kuliza lipenga.