Mbuzi Yotsala ya a Simoni

Mbuzi yachinayi inafa Lachiwiri m'mawa, mvula ya Januwale ili mkati. Mayi Sesiliya anaikokera kuseri kwa nyumba mwakachetechete kuti amuna awo, a Simoni, asaone. Koma a Simoni anaona. Munthu amene wakhala pampando chaka chathunthu, ntchito yake ili kuyang'ana basi, sungamubisire kanthu.

A Simoni anagwa ndi sitiroko akupalira thonje. Mwendo ndi dzanja la kumanja zinafa, mawu nawo ankatuluka movutikira. Asanadwale, m'mudzi mwawo ku Kasenengwa ankadziwika ndi zinthu ziwiri: kwaya ya kutchalitchi ndi mbuzi. Ndiwonso anayambitsa kagulu ka alimi olima ndi manyowa, okana fetereza ndi mankhwala ogula. Za kwaya zinathera pomwepo. Chinawatsalira ndi mbuzi zisanu.

M'dzinja mbuzi zimamangiriridwa, kuopa milandu ya chimanga cha eni. Mayi Sesiliya anakhoma zikhomo zisanu pa kamsipu ka patsogolo pa khonde, pomwe amuna awo akanatha kuziona. Kukangocha, mame ali mbwee, ankakhazika a Simoni pampando n'kutulutsa mbuzi. Tsiku ndi tsiku, pamalo pomwepo. A Simoni ankaziwerenga ndi maso, n'kumwetulira mbali imodzi ya pakamwa, phala n'kumalowa.

Kenako mbuzi zinayamba kuonda. Ubweya unanyankhalala, pansi pa chibwano panatupa. Mayi Sesiliya anasinja njere za papaya, anawiritsa masamba a nimu, koma ayi ndithu. Anthu, poti pakamwa sipatopa, anayamba zawo: ati pakhomopo alipo wawalodza. Koma woti abwere kudzafunsa chothandiza, ng'o.

Inatsala imodzi, mkota wofiira wa bere, umene a Simoni ankautcha Kafiira. Tsiku limene yachinayi inafa, a Simoni anakankha mbale ya phala.

"Idyani, bambo a Chiku," anawachonderera akazi awo.

A Simoni analoza Kafiira ndi dzanja lamanzere. "Ikafa... iyo... nanenso basi."

Mayi Sesiliya anapita kuseri kwa nkhokwe n'kulira mpaka maso kutupa. Masabata onsewa ankaopa kuitana mlangizi wa ziweto, poganiza kuti abwera ndi mankhwala amene amuna awo anawakana pamaso pa gulu lonse. Tsopano mantha enawa anakula kuposa oyamba aja. Anapita kwa mlongo wawo, a Ben, kukapempha kuti aimbe foni.

Mlangiziyo, mayi Dailes, anafika m'mawa mwake pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Atapereka moni kwa a Simoni, anagwira Kafiira n'kukokera chikope chake pansi.

"Taonani apa, amayi. Mbuzi yathanzi m'kati mwa chikope mumakhala mofiira. Umu mwayera ngati ufa. Magazi atha, njoka za m'mimba zikuiyamwa."

"Njokazo zachokera kuti, alangizi?"

Mayi Dailes anayang'ana kamsipu kaja. Udzu unali utadyedwa mpaka pansi, ndowe zili ponseponse. "Mbuzi mumazimangirira pati?"

"Pompano."

"Masiku onse?"

"Chiyambire mvula."

"Vuto lili pamenepo," anatero mlangiziyo. "Mazira a njokazi amatuluka ndi ndowe. Pansi pakanyowa amaswa, ndipo tinjoka tosaoneka ndi maso timakwera udzu pamodzi ndi mame. Mbuzi ikadya m'mamawa pamalo pomwe yakhala ikuchita ndowe, imameza tinjokato. Mawa imameza tochuluka kuposa lero."

Mayi Sesiliya anakhala pansi pamatope pomwepo. "Mayo ine! Ndimati bambowa aziziona. Ndimati ndikuwasangalatsa."

"Simunadziwe, amayi, ndipo si inu nokha. Dzukani, iyi ikhoza kupulumuka. Ndiimwetsa mankhwala osavulaza bere."

"Koma gulu lathu limakana mankhwala."

"Ulimi wa manyowa sutanthauza kuonerera chiweto chikufa," anayankha mayi Dailes. "Timalimbikira kupewa matenda. Koma chiweto chikafika apa timachipatsa mankhwala, mlingo woyenera thupi lake, ndipo nyama kapena mkaka wake sitidya mpaka masiku olembedwa pabotolo atakwana. Njere za papaya pano sizingakwanitse." Kenako anatembenukira kukhonde. "Koma eni mbuzi ndi awa. Bambo, mukuti bwanji?"

A Simoni anayang'ana Kafiira, misozi ikutsika tsaya limodzi. "Mwe... mwetsani."

Atamwetsa, mlangiziyo anafotokoza zoyenera kuchita. Chikhomo chizisunthidwa pakatha masiku atatu, ndipo mbuzi isabwerere pamalo akale miyezi iwiri isanathe. Isatuluke mame asanaume. Azidula masamba a mtengo wa gilisidiya, a mabulosi ndi a nandolo n'kuwapachika m'mwamba, chifukwa mbuzi mwachibadwa imadya choimika khosi, ndipo tinjokato sitikwera mitengo. Aziipatsa gaga pang'ono, kamchere ndi madzi oyera. Khola likhale la m'mwamba kuti ndowe zizigwera pansi, n'kumazisesera kudzenje la manyowa. Chikope aziona sabata iliyonse.

Mayi Sesiliya anamva zonse, koma nkhope sinamasuke. "Chikhomo chikapita kuseri kwa munda, nanga bambowa aziona chiyani?"

Mlangizi uja, ndi sukulu yake yonse, funso ili linamukulira. Anayankha ndi a Ben, amene nthawi yonseyi anangoima atapinda manja.

"Mbuzi ikasamuka, alamu nawonso azisamuka. Wilibala ndili nayo."

M'mawa mwake dzuwa litaumitsa mame, a Ben anayala bulangete m'wilibala yawo yonyamulira fetereza, n'kunyamuliramo a Simoni. "Alamu, mwakana fetereza zaka zonsezi, lero mwakwera galimoto ya fetereza!" A Simoni anaseka. Kunali kuseka kopotoka, kosakanikirana ndi kulira, koma akazi awo anali asanakumve chigwereni bambowo.

Kafiira sinachire msanga. Masiku ena inkangogona, osafuna ngakhale gaga, ndipo masiku amenewo a Simoni nawonso ankangolawa phala. Koma anapeza ntchito: kugwirizira Kafiira nthambi za mabulosi ndi dzanja lamanzere, ndi kuiona chikope. Pang'onopang'ono m'chikope muja munayamba kufiira.

Mwezi wa Malichi Kafiira inaswa ana awiri. Woyamba anabadwa wakufa, poti thupi la make linali litavutika kwambiri. Mayi Sesiliya anamukwirira pafupi ndi zinzake zija, mtima ukuwawa. Wachiwiri anadzandira, anagwa, anadzukanso n'kupeza bere. Atauma, anamuika pamiyendo pa a Simoni. Bambowo anamusisita ndi dzanja lawo limodzi lija, ndipo kukhosi kwawo kunayamba kutuluka kanyimbo ka kwaya, kopanda mawu. Madzulo ake anamaliza mbale yonse.

Zikhomo zinayi zija zinali zikadali pa kamsipu ka pakhonde, udzu utazimerera. Mayi Sesiliya atazizula kuti asonkhezere moto, a Simoni anapukusa mutu. "Sungani... zidzafunika."

Gulu la alimi litakumana pakhomopo, mayi Sesiliya anaimirira zikhomozo zili m'manja.

"Anzanga, musamangirire mbuzi kapena nkhosa pamalo amodzi. Muzisuntha chikhomo, muzidikira mame aume, chakudya muzipachika m'mwamba, khola muzisesa. Muziona chikope, ndipo chikayamba kuyera itanani alangizi tsiku lomwelo. Musaope mankhwala pamene chiweto chikufa. Ine ndinadziwa zimenezi nditakwirira mbuzi zinayi, amuna anga akuona. Inu mwazimva zanu zikadali zamoyo."